Mmene mungakonzere ulendo wokakwera mapiri ndi matanthwe kunja, ndi ana komanso anzanu

Anthu a mu Blantyre timakhala pakati pa mapiri. Wa ku Chilomoni akatsegula chitseko amaonana ndi Michiru, wa ku Chilobwe ali m'munsi mwa Soche, wa ku Ndirande ndiye osanena. Koma tikamva kuti banja lakutilakuti lapita kunja pa holide kukakwera mapiri, timati zimenezo n'za azungu. Ndalama zimalowadi, sindikunamizani, koma mabanja awiri kapena atatu akagwirana manja kudakali chaka chathunthu, ulendowu umatheka. Malangizo awa ndi a ulendo wa sabata imodzi ndi theka ku South Africa, wophatikiza kukwera matanthwe ndi chingwe komanso kuyenda wapansi m'mapiri. Monsemo ndikugogomezera chinthu chimodzi: ulendo wa banja umayendera mwendo wa wofooka kwambiri pagululo, ndipo nkhani zonse zovuta kukamba zithere kuno musanaone chipata cha Mwanza kapena bwalo la ndege la Chileka.

Choyamba: khalani pansi ndi anzanuwo

Musathamangire kufunsa mitengo ya matikiti. Itanani anzanuwo kunyumba Loweruka masana, ana akasewere panja, akuluakulu mukambirane momasuka. Mabanja asapose atatu. Akachuluka, galimoto imodzi sikwana, malo ogona amavuta kupeza, ndipo m'mawa uliwonse dzuwa limakwera mukudikira amene akusambabe.

Funso loyamba ndi ili: wamng'ono kwambiri ali ndi zaka zingati, nanga wamkulu amene mawondo amamuvuta ndi ndani? Anthu awiri amenewa ndiwo asankhe kutalika kwa njira za tsiku lililonse, osati achimwene aja amathamanga m'mawa uliwonse mu Chipembere Highway. Pamenepa nenani zoona. Timachita manyazi kutchula matenda pamaso pa alamu athu, koma mphumu, shuga, BP, khunyu, ngakhale chizungulire chobwera munthu akayang'ana pansi ali pamwamba, ndi zinthu zoti wamkulu aliyense pagulupo azidziwe, adziwenso thumba limene mukhale mankhwala.

Kenako ndalama. Sankhani msungichuma mmodzi, akhale ndi kope, ndipo chilichonse cholowa ndi chotuluka chizilembedwa n'kujambulidwa pa gulu la WhatsApp. Gawani ndalamazo pawiri. Za pamodzi ndi galimoto yobwereka, mafuta, zolipira pa zipata za mumsewu, aphunzitsi a chingwe, malo ogona ndi chakudya chophikira limodzi. Za banja lililonse palokha ndi mapasipoti, matikiti ndi zogula za m'mashopu. Mkangano umabadwira pa funso loti musonkha pa banja kapena pa mutu. Ine ndimaona kuti pa mutu ndi pabwino, mwana wosakwana zaka 12 awerengedwe theka, chifukwa banja la mwana mmodzi likamalipira mofanana ndi la ana anayi, silidzanena kanthu pamaso panu koma lidzanena likafika kwawo. Bajeti yonse iwerengedwe mu rand. Tonse tikukumbukira November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene ankasunga poganiza kuti zakwana anapezeka ali pakati. Pamwamba pa zonse onjezani gawo limodzi mwa magawo asanu la zogwa mwadzidzidzi. Gwirizananinso lero lomwe kuti banja likasintha maganizo malo atalipiridwa kale, ndalama ya chikole sibwerera.

Pali malamulo awiri a kuphiri amene ayenera kunenedwa ana akumva. Loyamba n'lakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe: wamkulu aliyense akati "Ima pomwepo!" mwana aime, kaya anena ndi bambo ake, kaya ndi ankolo, kaya ndi anti. Makolo muvomereze zimenezi pamaso pa anawo. Lachiwiri n'lakuti munthu mmodzi akati tibwerere, palibe kumunyengerera kapena kumuseka. Gulu likhoza kugawikana, ena n'kupitirira, koma mbali iliyonse ikhale ndi akuluakulu awiri, kuti wina akavulala wina athe kukaitana thandizo.

Ndisaiwale za achibale. Palibe Mmalawi amene alibe m'bale ku Joni, ndipo mbiri ikangomveka kuti mukupita, mitolo ya ufa, nyemba ndi makalata iyamba kufika pakhomo. Patulani tsiku limodzi kumapeto kwa ulendo loonera abale ndi kugula zinthu, ndipo muwauziretu. Mukapanda kutero, holide ya kuphiri idzathera m'mataxi ndi m'ma mall.

Chachiwiri: malo ndi nyengo

Kokwera matanthwe, pitani ku Waterval Boven, tauni yaing'ono ya ku Mpumalanga imene tsopano imatchedwa Emgwenya. Ili pa msewu wa N4 wopita ku Mbombela ndi Maputo, pafupifupi maola atatu pagalimoto kuchokera ku Johannesburg. Inayamba ngati tauni ya njanji, ndipo pafupi pake pali mathithi a mtsinje wa Elands. Matanthwe ake ndi ofiirira, olimba, ndipo pali njira mazanamazana zokhomedwa kale zitsulo zokolekamo chingwe, kuyambira za ana mpaka za akatswiri. Pa famu ya Tranquilitas pali malo omanga matenti ndi nyumba zogona, matanthwe ali chapafupi poyenda wapansi. Kwa banja zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa mwana akatopa amabwerera kukagona osasokoneza tsiku la ena.

Koyenda wapansi, pitani ku Drakensberg, makamaka Royal Natal National Park ku KwaZulu-Natal, imene imayang'aniridwa ndi Ezemvelo KZN Wildlife. Kumeneko kuli khoma la thanthwe lotchedwa Amphitheatre, lotambalala pafupifupi makilomita 5, ndipo pamwamba pake pamagwa mathithi a Tugela, amene madzi ake amatsika mamita oposa 900. Mukhoza kumanga matenti ku Mahai kapena kubwereka nyumba ku Thendele. Malowa amadzaza msanga nthawi ya Isitala, choncho lembetsani miyezi ingapo isanakwane nthawiyo.

Nyengo yawo imayenda ngati yathu, kungoti imaluma kwambiri. Kuyambira November mpaka March kumagwa mvula ya mabingu pafupifupi masana alionse. June, July ndi August kumazizira koopsa, pamwamba pa phiri pamagwa chipale chofewa. Holide ya ana ya Isitala ndiyo ndingakusankhireni: mvula ikutha, udzu ukadali wobiriwira, mathithi akadali ndi madzi. Holide yaitali ya August ndi yabwino ku Boven, chifukwa thanthwe limakhala louma, koma usiku mu tenti mudzafuna mabulangete enieni, ndipo Tugela mudzaipeza itatsala kamtsinje kapena itauma.

Chachitatu: mapepala ndi ndalama zakunja

Munthu aliyense, ngakhale wakhanda, akhale ndi pasipoti yakeyake. Yambani zimenezi pakadali miyezi isanu ndi umodzi. Amene muli nazo kale onani tsiku lothera ntchito ndi masamba opanda chidindo. South Africa imafuna masamba awiri oyera, ndipo ngati mukuyenda pamsewu zidindo za Mozambique ndi Zimbabwe zimadya malo. Mmalawi wokacheza amalowa popanda viza ndipo amapatsidwa masiku osaposa 30.

Tengani zikalata za kubadwa za ana onse. Ngati kholo limodzi latsala, kapena mwatenga mwana wa achemwali anu, mukhale ndi kalata ya chilolezo yosainidwa pamaso pa loya kapena Commissioner for Oaths, pamodzi ndi fotokope ya chiphaso cha kholo lotsalalo. Mapepala onse ajambulidwe pafoni, ndipo mafotokope asungidwe m'chikwama cha banja lina.

Ndalama zakunja n'zosowa, mukudziwa. Pitani ku banki yanu msanga ndi pasipoti ndi tikiti, mufunse zimene angakupatseni m'manja ndi zimene khadi lanu lingalole kunja. Mabanja onse achite zimenezi, kuti khadi limodzi likakana lina ligwire. Pogula inshuwalansi ya paulendo, funsani mwachindunji ngati ikuphatikiza kukwera matanthwe ndi chingwe ndi kupulumutsidwa kuphiri. Zambiri zimachotsa masewera otere, ndipo zimalembedwa m'timalemba tating'ono.

Chachinayi: zolowetsani miyendo konkuno

Apa ndi pamene ife a ku Blantyre tili ndi mwayi umene anthu a mayiko ena amaulipira. Pakatsala miyezi itatu, Loweruka lililonse likhale la phiri, gulu lonse pamodzi, ndi nsapato ndi zikwama zomwe mudzapite nazo.

Yambani ndi Njira ya Mtanda ku Michiru, kapena njira zazifupi za m'nkhalango yotetezedwa ya phirilo. Kenako Soche kapena Ndirande, muli gulu ndithu komanso ndi munthu wodziwa njira, pakuti chidutsireni namondwe wa Freddy mu March 2023 malo ena anagumuka ndipo njira zina zinasintha. Cholinga si kufika pansonga. Mukufuna kudziwa zinthu zimene simungazidziwe muli pa sofa: mwana uti amayamba kudandaula pakatha ola limodzi, nsapato ya ndani ikutulutsa matuza, ndani amamaliza madzi ake njira isanafike pakati, ndani amathamangira kutsogolo osayang'ana m'mbuyo. Wothamangayo mupatseni ntchito yoyenda pambuyo pa onse. Kutsogolo kukhale wamkulu mmodzi, ndipo wotsatira wake akhale mwana wamng'ono kwambiri uja. Mukayenda motero gulu silitalikirana.

Mwezi wachiwiri pitani ku Mulanje. Kuchokera pa Likhubula kukafika pa Dziwe la Nkhalamba ndi ulendo woti ngakhale wa zaka zisanu amautha. Mwezi womaliza kagoneni usiku umodzi pamwamba, ku nyumba ya Chambe. Lembetsani ku ofesi ya zankhalango pa Likhubula, tengani gaidi ndi onyamula katundu, ndipo muwalipire bwino. Chitunda chimenecho chimatenga maola atatu kapena anayi, ndi ana mwina asanu. Usiku umenewo udzakuuzani zoona zonse za zovala zanu, tochi zanu, ndi mtima wa gulu lanu pamene aliyense watopa ndipo nsima yachedwa. Sapitwa, ya mamita 3,002, isiyeni kaye. Si ya ana aang'ono, ndipo simukuifuna pa kukonzekera uku.

Za kukwera matanthwe, ngati muli ndi mpata wopita ku Lilongwe, bungwe la Climb Malawi lili ndi khoma lophunzirirapo. Apo ayi, tsiku loyamba ku Johannesburg kaloweni ku CityROCK ku Randburg, kumene amakwera makoma a m'nyumba ndipo zipangizo amabwereketsa. Mwana amene walendewerapo pa chingwe m'nyumba safika pa thanthwe lenileni ali mlendo.

Chachisanu: katundu

Zovala zambiri zili pa kaunjika ku Limbe ndi mumsika wa Blantyre, ndipo palibe chifukwa chokagulira zodula kunja. Fufuzani majuzi opepuka a fleece, majekete osalowa madzi, zipewa zofunda, magolovesi, ndi masokosi okhuthala. Jekete muliyese: thirani madzi pang'ono pamkono muone ngati akutsetsereka. Jinzi ndi malaya a thonje zisiyeni za mutauni, chifukwa zikanyowa siziuma ndipo zimayamwa kutentha kwa thupi. Kuphiri timavala zopyapyala zingapo zosanjikiza, kuti ukatenthedwa uvule chimodzi, ukaima uvalenso. Nsapato zikhale za mapazi okhakhala, zokulirapo pang'ono kuti zala zisagunde kutsogolo potsika, ndipo zikhale zoti mwayenda nazo kale ku Michiru.

Koma chingwe, lamba wokwerera amene amati harness, zitsulo zokolekera ndi helemeti, izi musagule pa kaunjika ngakhale zitaoneka zatsopano. Simudziwa kuti chingwecho chagwetsapo anthu kangati, chakhala padzuwa zaka zingati, kapena chinagonapo pafupi ndi asidi wa batire. Ulusi wake umafooka mkati kunja kukuoneka bwino. Chingwe cha m'hadiweya chomangira katundu ndiye musachiganizire n'komwe: chokwerera chimapangidwa kuti chizitamuka munthu akagwa, chinacho chimadukiza thupi mwadzidzidzi kapena kuduka. Pa ulendo woyamba bwerekani zonse kwa aphunzitsi.

Amayi ndi atsikana, lamba uja amadutsa m'ntchafu, choncho pamafunika buluku kapena legini; chitenje muzimanga pamwamba mukakhala pansi, ndipo chimathandizanso ngati mthunzi, mphasa ndi chofunda. Tsitsi mulukiretu mizere yogona. Maluko akuluakulu ounjikidwa pamwamba salola helemeti kukhala bwino, ndipo tsitsi lolendewera likhoza kukodwa m'chitsulo cha chingwe.

Kabokosi ka mankhwala kakhale ndi mabandeji, pulasitala wa matuza, mankhwala opha ululu a akulu ndi a ana, Thanzi ORS, ndi mafuta oteteza ku dzuwa. Khungu lakuda nalonso limapsa pamwamba pa phiri, milomo imang'ambika. Mapulagi a kumeneko ambiri ndi a mano atatu obulungira, athu ndi a makona, choncho gulani adaputala mukangofika, pamodzi ndi simu khadi ya komweko.

Chachisanu ndi chimodzi: njira

Ndege yochokera ku Chileka imafika pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg m'maola osakwana atatu. Basi ndi yotsika mtengo koma imadya tsiku ndi usiku, nthawi zina kuposa: Mwanza ndi Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, mpaka pa depoti ya Park Station ku Johannesburg. Ndi ana osakwana zaka zisanu ndi ziwiri ndingakulimbikitseni ndege ngati thumba likulola. Mukasankha basi, tengani kamba wokwanira, mabulangete, ndipo tsiku lofikira likhale longopuma.

Ku Johannesburg bwerekani galimoto yokwana gulu lonse. Amayendetsa kumanzere ngati kwathu. Funsiranitu ngati kampaniyo ikufuna credit card ya chikole, lembetsani madalaivala awiri, ndipo mwana wosakwana zaka zitatu lamulo limafuna akhale pa mpando wake wa ana. Gulani chakudya cha masiku angapo musanatuluke mumzinda. Ufa woyera uli m'shopu iliyonse, nsima simudzaisowa. Masiku agaweni motere: atatu ku Boven, limodzi lathunthu la pamsewu wopita ku Drakensberg kudzera ku Harrismith, anayi kumeneko, otsalawo a ku Joni. Musayende usiku.

Chachisanu ndi chiwiri: tsiku la pa thanthwe

Lembani mphunzitsi wovomerezeka kudakali nthawi, mumuuze zaka ndi misinkhu ya ana kuti abweretse malamba ndi nsapato zowakwana. Mwana wamng'ono amene chiuno sichinaumbike amafunika lamba wogwira thupi lonse mpaka m'mapewa. Mufunseninso kuti ndi matanthwe ati amene ali otetezeka masiku amenewo, ndipo mumvere. Njira kumeneko zimapatsidwa manambala. Nambala ikakhala yaing'ono njirayo ndi yofewa. Oyamba kumene amayambira cha pa 10 mpaka 14.

Kakweredwe ka oyamba kamatchedwa top rope. Chingwe chimachoka pa lamba wa wokwera, n'kukadutsa pa zitsulo zokhomedwa pamwamba pa thanthwe, n'kutsikira kwa munthu amene waima pansi. Wapansiyo amachidutsitsa m'kachitsulo kamene kali pa lamba wake, ndipo amakoka chotsala pamene mnzake akukwera. Wokwera akaterereka sagwa, amangolendewera pomwepo. Moyo wake uli m'dzanja limodzi la wapansiyo, limene limagwira chingwe kumunsi kwa kachitsuloko. Dzanja limenelo silichoka pa chingwe ngakhale kuluma njuchi, ngakhale foni ilire. Ojambula zithunzi akhale ena.

Munthu asanachotse phazi pansi, awiriwo ayang'anane. Lamba ali pamwamba pa mafupa a m'chiuno ndipo wamangika moti sangavuke pomukokera pansi? Mfundo yomangira chingwe pa lamba, yooneka ngati nambala 8, yadutsa malo oyenera ndipo yatsala ndi mchira wokwanira? Chitsulo chokolekera chatsekedwa n'kupotokoledwa? Kumapeto kwa chingwe kuli mfundo? Helemeti yamangidwa pachibwano? Mphete zavulidwa? Chitani zimenezi ulendo uliwonse, ngakhale wachikhumi, ndipo ana aphunzire kuyang'ana akuluakulu. Mwana akati "Ankolo, simunatseke," athokozedwe.

Aphunzitsi adzagwiritsa mawu a Chingerezi, ndipo ndi bwino ana awadziwiretu. "Climbing" ndiye kuti ndayamba kukwera. "Take" ndiye kuti kungani chingwe ndipume. "Slack" ndiye kuti masulani pang'ono. Wina akafuula "Rock!" mwala ukugwa: musayang'ane kumwamba, fendererani ku thanthwe mutu uli pansi. Poitana muziyamba ndi dzina la munthu, popeza pa thanthwe limodzi pamakhala magulu angapo.

Phunziro loyamba kwa mwana lisakhale kukwera, likhale kutsika. Akwere mamita awiri okha, kenako asiye thanthwe, akhale mu lamba, atambasule miyendo, mapazi aponde khoma motalikirana, manja agwire mfundo ya pamimba pake, atsitsidwe pang'onopang'ono. Abwereze mpaka aziseka. Ana ambiri amakwera mosavuta, ngati mmene amakwerera mtengo wa mango, mavuto amayamba akafika pamwamba n'kuuzidwa kuti asiye kugwira. Pamenepo mwana amakakamira mwala, miyendo ikunjenjemera, misozi ili chuchuchu, ndipo kumutsitsa kumatenga nthawi yaitali. Zikachitika, anthu onse akhale chete, alankhule munthu mmodzi yekha, modekha: "Ndakugwira. Pumira kaye. Siya dzanja limodzi." Mawu oti "mwamuna salira" kapena "taona mnzako wafika" asamveke. Mwana amene wakwera mamita atatu n'kutsika yekha mwamtendere adzafuna kukweranso mawa. Amene wakakamizidwa kufika pamwamba sadzafunanso kuona chingwe.

Akuluakulu vuto lathu ndi kukoka ndi manja mpaka mikono kuuma. Kwerani ndi miyendo. Yang'anani popondapo, ikani nsonga ya nsapato, imirirani, manja angothandiza kuti musapendekeke. Nthawi zambiri amayi amazigwira msanga zimenezi kuposa abambo odalira mphamvu.

Ngozi zambiri za ana sizichitikira pa chingwe, zimachitikira pansi pamene akudikira. Nthawi zonse pakhale wamkulu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'ana ana basi, ndipo muzisinthana momveka: "Mayi, ana ali m'manja mwanu tsopano." Akhale patali ndi phompho, patali ndi pansi pa wokwera, helemeti ili kumutu. Mwana asagwirire chingwe munthu wamkulu, kulemera kumasiyana. Theka la tsiku n'lokwanira. Zala zikayamba kuwawa bwererani.

Chachisanu ndi chitatu: masiku a ku Drakensberg

Tsiku loyamba yendani kanjira ka Cascades kochokera ku Mahai, kafupi, ka madzi oti ana aziviikamo mapazi. Pitaninso ndi gaidi wa m'deralo kukaona zojambula za pamiyala za anthu a mtundu wa San. Ana amene anaphunzira za Chongoni ku Dedza adzazizindikira. Osazigwira, osazithira madzi kuti zioneke bwino pa chithunzi.

Ulendo waukulu wa banja ndi wa Tugela Gorge, chigwa cha mtsinje wa Tugela, makilomita pafupifupi 14 kupita ndi kubwera. Njira yake sikwera mwankhanza, imadutsa m'tchire la udzu ndi m'tinkhalango, khoma la Amphitheatre likukulirakulira kutsogolo. Chakumapeto mumadumpha miyala ndi kuoloka mtsinje kangapo. Mwana amene anafika ku Chambe adzautha. Ngati kwagwa mvula usiku ndipo madzi akwera kapena ada, musaoloke.

Musananyamuke lembani m'buku la oyenda m'phiri: mayina, njira, ndi nthawi yobwerera. Opulumutsa anthu amayambira m'buku limenelo. Sungani pafoni nambala ya ofesi ya pakiyo ndi 112, koma dziwani kuti m'zigwa netiweki imasowa. Nyamukani 6 koloko m'mawa. Gwirizanani nthawi yotembenukira, tinene 12 koloko, ndipo ikakwana mutembenuke kulikonse kumene mwafika. Wamkulu aliyense anyamule madzi malita awiri, jekete la mvula, juzi ndi tochi, ngakhale kumwamba kulibe kamtambo. Mwana anyamule kachikwama kopepuka ka madzi, juzi ndi wezulo. Muzidya pang'onopang'ono ola lililonse: mtedza, buledi wa chiponde, mazira owiritsa, nthochi. Mwana akayamba kukwiya popanda chifukwa, kawirikawiri ndi njala kapena ludzu.

Mphenzi za kumeneko zimapha. Mukaona kung'anima werengani masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi atatu ndi kilomita imodzi. Akachepera 30, chokani pamtunda poonekera, pansi pa mtengo woima wokha, ndi pafupi ndi zitsulo, mutsikire malo otsika koma osati mumtsinje. Za nkhungu, amene anakumanapo ndi chiperoni pa Mulanje akudziwa kuti njira imasowa uli pomwepo. Ikatseka ndipo simukuona njira, imani, valani zofunda, khalani pamodzi, dikirani. Mwana amene akunjenjemera kwambiri, akupunthwapunthwa, kapena akulankhula mokoka lilime wazizidwa mpaka mkati: mvuleni zonyowa, mvekeni zouma, mfungatireni, mpatseni chotsekemera, ndipo ulendo wathera pomwepo.

Pali njira yotchuka ya pamwamba pa Amphitheatre, yoyambira m'munsi mwa nsonga ya Sentinel kumbali ya tauni ya Phuthaditjhaba kudzera ku Witsieshoek. Imafika pa makwerero a unyolo olendewera pa thanthwe, kenako pa chidikha cha mamita pafupifupi 3,000, pamene Tugela imagwera. N'kokongola zedi, koma pa makwereropo palibe chingwe chokugwirani, ndipo mphepo imaomba. Imeneyi ndi ya akuluakulu ndi achinyamata okhwima, ndi gaidi, tsiku lopanda mitambo. Apa ndi pamene pangano lija logawikana limagwira ntchito. Otsala ndi ana asaoneke ngati aluza. Mawa lake iwo apatsidwe tsiku lawo, okwerawo aphike ndi kulera.

Pamsasa samalani anyani. Amadziwa kutsegula mabokosi ndi matenti, ndipo saopa mwana wonyamula buledi. Chakudya chizikhala m'galimoto yokhoma, ndipo osawaponyera kanthu. Moto uzikolezedwa pa malo ake okha, ndi nkhuni kapena makala ogula, pakuti kutola nkhuni m'paki n'koletsedwa ndipo udzu wa kumeneko ukagwira moto suzimitsika. Madzulo alionse yang'anani ana nkhupakupa m'miyendo, m'khwapa ndi kuseri kwa makutu. Poyenda m'udzu aziponda m'njira, asapise manja m'mapanga a miyala, chifukwa mphiri ziliko ndipo sizithawa.

Mukatsika kuphiri bwererani ku buku lija mukasaine kuti mwafika, apo ayi anthu adzatuluka usiku kukakufunani muli m'tulo. Usiku womaliza ku Drakensberg, musanalowe m'chipwirikiti cha ku Joni, msungichuma atulutse kope, awerenge zonse pamaso pa akuluakulu, otsala ndi ngongole alipe, zotsala zigawidwe. Onaninso tsiku limene linadindidwa m'pasipoti ya aliyense, ya ana yomwe. Wopitirira masiku ake, ngakhale ndi limodzi, amaletsedwa kulowanso m'dzikolo kwa chaka kapena kuposa, choncho ngati abale akukukakamizani kuti mutsalire sabata ina, werengani kaye masikuwo musanasinthe tikiti.